Bowo Lachitatu la Hamonika ya Atate

4 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Mzime,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, amayi, atate ndi chifuwa chawo, komanso aphunzitsi ako aja amene akufuna kukulanda m'manja mwathu. Ine kuno ndili bwino, kungoti milomo yatupa. Si matenda, ndikufotokozera.

Kalata yako a Dalaivala a basi ya kwathu anandipatsa Lachiwiri. Zoti ukwati uli pa 28 Juni ndamva, ndipo ndinavina ndekha m'shopu mpaka mayi wina anabwerera pakhomo ndi wotchi yake. Koma ndiyambe ndi nkhani yoipa kuti ichoke: sindibwera. Abwana ali m'chipatala, anawachita opaleshoni ya chiuno, ndipo shopu yonse ya mawotchi ili pamutu panga mpaka Ogasiti. Masiku awiri kupita, awiri kubwerera, palibe woti n'kumusiyira makiyi. Ndalira kale ine, iwe usalirenso.

Tsono za milomo. Kutsidya kwa msewu wathu, pafupi ndi wosoka nsapato, pamakhala mdala wina amene anthu amamutcha a Mvukuto. Amaimba hamonika yonga ija ya atate, koma nyimbo zawo ndi za mtundu umene amati bulusi. Mlongo wanga, ine ndinkayesa kuti hamonika ndimaidziwa. Mdala uyu akaiphimba ndi manja imalira ngati khanda, kenako imadandaula ngati munthu amene sitima yamusiya, kenako imasanduka sitimayo. Amagwira liwu limodzi n'kulipinda ndi kukhosi mpaka litsike. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa mpaka wosoka nsapato anandifunsa ngati ndikudikira ntchentche.

Mwezi watha anandibweretsera hamonika yawo itatseka bowo limodzi. Anati, "Iwe wa mawotchi, maso ako amaona tinthu tating'ono, tasuzumira umu." Nditatsegula ndinapeza timalilime ta mkuwa makumi awiri titandanda ngati ana asukulu, kalikonse ndi liwu lake. Ukakapala kunsonga ndi katupa, liwu limakwera. Ukakapala kutsinde, limatsika. Basi, kuyambira tsiku limenelo ndinapenga. Ndatola mahamonika akufa asanu ndi anayi kumsika wa zinthu zakale, ndipo asanu ndi awiri ndawadzutsa. Ndimawatsuka, ndimamata mipata ndi phula la njuchi, ndimasalaza m'mbali kuti asacheke milomo. Kuwayesa ndiye kwanditupitsa chonchi.

Unalemba kuti atate akukana kudzaimba Nyimbo ya Amayi paukwati wako chifukwa mphumu yawalanda mpweya. Ine ndikuti theka la mlandu si la chifuwa chawo. Hamonika yakale imataya mpweya ngati dengu lotungira madzi, munthu umapemerera ndi mphamvu zonse koma m'kati mumafika kochepa. Ndiye chita ichi: uibe. Uwapatse a Dalaivala, ine ndiikonze, ibwerere ukwati usanafike. Imeneyo ndiyo mphatso yanga. Atate usawauze, amayi usawauze, ngakhale aphunzitsi ako usawauze, anthu ophunzitsa mawu sawakhala m'kamwa.

Ndine mchimwene wako,
Wa Mawotchi

11 Meyi

Achimwene,

Landirani moni wa tonse. Tili bwino. Atate akusoka okha diresi langa, ndipo amandiyeza kawiri patsiku ngati msinkhu ukusintha. Zoti simubwera zandipweteka, sindibisa. Ndinakalirira kuseri kwa nyumba, nditamaliza ndinasamba kumaso n'kukachita umbava umene mwandituma.

Mukudziwa pamene imakhala, m'kabati kakang'ono ka makina osokera, yokulungidwa m'kansalu kofiira. Ndinadikira atate apite kuchipatala kukatenga mankhwala, ine lowu, dzanja tsomphu, mtima uli phaphapha ngati ndikuba kwa eni. Ndinaibisa m'nsapato ya ukwati.

Anazindikira madzulo omwewo. Achimwene, nyumba inatembenuzidwa. Anakhuthula dengu la zidutswa za nsalu, anagwedeza majekete onse, anafunsa ngakhale mphaka. Kenako anangokhala pampando wa makina n'kunena kuti, "Kaya, mwina yadziwa kuti sindingaikwanitsenso, yapita kukafuna wa mapapo." Ine ndinatsala pang'ono kuulula. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo lija.

Ndiye muisamale. Ndili ndi zaka zisanu atate anandilonjeza kuti tsiku langa adzandiimbira nyimbo imene anakopera amayi. Ndakhala ndikuwakumbutsa chaka ndi chaka mpaka anatopa nane. Keke ingapse, mvula ingagwe, aphunzitsi angaiwale mphete, zonsezo ndipirira. Koma nyimbo imeneyo ndikuifuna.

A Dalaivala ndawauza kuti m'kaphukusimo muli mankhwala a maso, asakayese kuimba panjira.

Mlongo wanu,
Mzime

13 Meyi

Achimwene,

Iyi ndaiponya papositi chifukwa a Dalaivala ananyamuka kale, ndipo ndikupemphera ikupezeni musanagwire katupa kanu.

Amayi andigwira. Anandipeza ndikutsuka mbale n'kuti, "Wapita nayo kwa mkulu wako, eti?" Ine ndinati, "Chiyani amayi?" Iwo anati, "Usandichedwetse, ndinakubereka ndine." Nditaulula anaseka, koma mwadzidzidzi anasiya kuseka n'kundigwira pamkono. Akuti ndikuuzeni mawu awa momwe alili: atsuke, amate, apukute mmene angafunire, koma bowo lachitatu asalikhudze. Ndinafunsa chifukwa, akuti inu muzingomvera.

Bowo lachitatu, achimwene. Ndalemba kawiri kuti musadzati simunaone.

Mzime

19 Meyi

Mlongo wanga mbava,

Moni kwa nonse. Ndikulemba ndi chimwemwe chosefukira, ukaona zilembo zikuvina usadabwe. Hamonika ya atate yabwerera ndi kalata ino, ndipo sudzaizindikira.

Kaye ndikuuze zimene ndinapeza m'kati. Ulusi wa mitundu inayi, fumbi la choko cha telala, ndi kanjere kena kamene ndikuganiza kanalowa ife tisanabadwe. Kathabwa ka pakati kanali kong'aluka mbali ziwiri. Ndinakasalaza pagalasi mpaka kanagona bwino, n'kukamwetsa phula. Timisomali ta dzimbiri ndinazula, m'malo mwake ndaika timabawuti ta m'wotchi yakhoma, kuti aliyense athe kutsegula popanda kuswa. Timalilime tonse ndinatiwongola kamodzikamodzi ndili ndi kagalasi kanga pa diso. Panopa ngakhale munthu wopuma ngati nkhuku yogona ingamulirire. Ndinaiyesa ndi mphuno, inalira.

Koma chimene ndikunyadira kwambiri ndi ichi. Pa bowo lachitatu, kalilime kamene kamalira ukamakoka mpweya kanali kotsika mawu, osagwirizana ndi anzake. Nditayang'ana bwino ndinapeza kutsinde kwake kuli zipsera, ngati winawake anakakanda ndi lumo kapena sizasi. Chitsiru china chinaononga hamonika ya atate kalekale, mwina asanaigule n'komwe, ndipo iwo aimba nayo zaka makumi anayi osadziwa. Zinandimvetsa chisoni. Ndinakapala kunsonga pang'onopang'ono, masana onse a Loweruka, ndikuyerekeza ndi hamonika yatsopano, mpaka liwu linakwera n'kukhala pamalo pake. Tsopano mabowo onse khumi ali mumzere ngati asilikali.

Uwapatse atate amayi ali pomwepo. Uyang'anitsitse nkhope zawo, undilembere chilichonse, ngakhale mmene nsidze zinachitira. Ngati angafune kundithokoza, uwauze kuti asavutike, ndi ntchito yathu ife akatswiri.

Bwanji sunandilembere nkhani zina? Diresi lafika pati?

Mchimwene wako,
Dokotala wa Mahamonika

26 Meyi

Achimwene Dokotala,

Moni. Tili moyo. Kalata yanga ya papositi mwina ikudya kaye tchuthi panjira, chifukwa zikuoneka kuti simunailandire. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Inu phula munamata nalo hamonika, lotsala mwadya.

Munati ndikuuzeni zonse, ndiye imvani. Ndinawapatsa Lamlungu masana tili pakhonde. Atate ataona kansalu kofiira anaimirira. Anaitembenuza, anainunkhiza, anati, "Yapita kukadzola mafuta kutauni." Atapemerera pang'ono inalira mokweza mpaka iwo eni anadzidzimuka. Achimwene, anaseka ngati mwana. Anayenda mabowo onse kukwera, osatsokomola ngakhale kamodzi. Amayi anaomba m'manja, ine ndinayamba kale kuvina.

Kenako anayamba Nyimbo ya Amayi. Mzere woyamba unayenda bwino. Atafika pamalo paja pamene nyimbo imakhala ngati yapunthwa n'kukugwira pamtima, panatuluka liwu loyera, losangalala, longa belu la njinga. Atate anaima. Anabwereza. Belu la njinga lomwelo. Anabwereza kachitatu, kenako anaipukuta, anaikulunga m'kansalu n'kuiika pathebulo mwaulemu ngati ya mlendo.

Ine ndi kupusa kwanga ndinafuna kukutetezani, ndiye ndinawawerengera kalata yanu. Ndinawerenga mpaka pa chitsiru chija, pakamwa panathamanga kuposa mutu. Atate anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Umuuze dokotalayo kuti chitsirucho chikupereka moni. Sizasi yake ndi iyi ndikudulira diresi lakoyi."

Amayi anaseka mpaka misozi, koma misoziyo itayamba sinasiye msanga. Atate akuti paukwati sadzaimba. Akuti nyimbo ina iliyonse ingatheke, koma imeneyo yasamuka m'hamonikamo. Sakukalipa, ndipo n'chimene chikundiopsa. Akungosoka.

Amayi ndi amene alamula kuti ndiibwezenso kwa inu. Nayi. Kwatsala masabata anayi ndi masiku ochepa. Munaichiritsa, tsopano muidwalitsenso momwe inalili.

Mlongo wanu amene sakuseka kwenikweni,
Mzime

2 Juni

Mlongo wanga,

Moni kwa onse, ndipo kwa atate moni wogwada. Kalata yako ya bowo lachitatu yafika dzulo, itanyowa ngodya imodzi, patatha masiku anayi chifikireni hamonika. Ndaiwerenga kasanu. Mawu ake ndi omveka bwino kwambiri, ndipo akanandithandiza zedi mwezi watha.

Udokotala ndautula. Tsiku limene ndinawerenga za chitsiru ndinabwezera kasitomala wotchi ikuyenda chobwerera m'mbuyo.

Ndinawoloka msewu kukaulula kwa a Mvukuto. Mdala anaseka mpaka wosoka nsapato anamuwomba pamsana. Atapuma anatenga hamonika yawo, n'kukoka mpweya pa bowo lachitatu, n'kulipinda liwulo ndi kukhosi mpaka linatsika n'kuyamba kudandaula. Tsitsi linandiimirira, chifukwa ndinamva khonde la kwathu. Anati, "Liwu ili ife timalisaka zaka ndi zaka ndi pakhosi. Bambo ako pakhosi panawakanika, ndiye analisaka ndi sizasi n'kulikhomera m'kati kuti lisathawe. Ameneyo ndi mnzathu." Anavula chipewa, mlongo wanga. Anavulira chipewa atate, telala amene sanamuonepo. Ine ndinafuna kulira ndi kuvina nthawi imodzi. Ndiye kuti misala yotsegula mahamonikayi si yanga, ndi ya kumtundu.

Ndinawapempha kuti andiuze ndipale mpaka pati. Anati, "Pakati pa liwu ili ndi linzake pali bwalo lalikulu. Pamene bambo ako anaima, akudziwa ndi amene ankawamvera." Ine ndinawamvera ubwana wanga wonse, koma ndikatseka maso kuti ndikumbuke, ndikungomva belu la njinga lako lija.

Komabe ndayesa. Ndapala kutsinde, pambali pa zipsera za atate, ndipo liwu latsika ndithu. A Mvukuto ayesa, akuti likulira bwino. Uwapatse amayi aweruze. Ngati ndalasa, undilembere msanga ndigule nsapato zovinira kuno komwe.

Mchimwene wako,
Chitsiru Chachiwiri

9 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha chifukwa mlongo wako akamalemba amathira mchere wambiri. Tili bwino. Ukudya mokwanira? Milomo ija yaphwa?

Bambo ako anakana kuiyesa, ndiye ndinawauza kuti sindiwapatsa tiyi. Anayesa. Wayandikira, mwana wanga, koma sunafike.

Ndikuuze kuti umvetse. Ndili mtsikana ndinkagulitsa m'golosale, bambo ako ankasoka pakhonde la golosaleyo. Makasitomala akachepa ankatulutsa hamonika n'kumaimba nyimbo yawoyi, maso ali kumsewu ngati sakuimbira ine. Miyezi itatu sindinatukule mutu. Nyimboyo inali yodzitama ngati mwini wake, yovala jekete. Ndiye panapita sabata osaimba, ndinkangowaona akusewera ndi sizasi pansi pa makina. Tsiku limene anaimbanso, nyimbo inayenda modzitama monga kale, koma itafika pakati inagwada. Ndinali ndikuyeza shuga, ndipo ndinathira pansi theka la kilo. Pamenepo m'pamene munachokera iwe ndi mlongo wako.

Liwu lako lawerama, koma silinagwade. Likuoneka ngati munthu wopepesa amene akuganizabe kuti sanalakwe.

Bambo ako sakukwiyira. Dzulo ndinawapeza akuyang'ana timabawuti tako ndi magalasi awo, akuti, "Mwanayu manja ali nawo, makutu ndiye anatengera kwa amalume ake." Koma mlongo wako akuonda, diresi alibweza kale kawiri. A Dalaivala akuti hamonika iyi yayenda maulendo ambiri kuposa akazi awo. Ndakubwezera. Ulendo wotsatira ndi womaliza ukwati usanachitike.

Mayi ako

16 Juni

Atate,

Ndikupereka moni mwaulemu. Sindinakulemberenipo kalata chichokereni kumudzi, nthawi zonse ndimadzera kwa amayi kapena kwa Mzime. Lero ndabwera ndekha.

Pepani chifukwa cha mawu aja. Pepaninso kwambiri chifukwa ndinakonza chinthu chimene sichinaonongeke, osafunsa mwini wake.

Masiku atatu ndakhala ndi hamonika yanu yotsegula pathebulo, katupa m'manja, osapala. Kalilime kaja kapyapyala tsopano. Inu munakapala, ine ndinakapala kunsonga, ndinakapalanso kutsinde. Ndikakayang'ana pa kuwala kakuoneka ngati khoko la anyezi. Kangapirire kupalidwa kawiri kapena katatu, kupitirira apo kathyoka. Kakathyoka ndingaikemo katsopano, koma kameneko sikadzakhala kamene kanatayitsa amayi shuga. Ndipo ine ndikupala mwakhungu, chifukwa khutu lodziwa poimira lili kumeneko.

Ndiye ndachita chimene sindinachitirepo munthu aliyense. M'kabokosi ka machesi muli katupa kanga, kaja ndimakonzera mawotchi a pamkono. Abwana anandipatsa nditamaliza kuphunzira ntchito, ndipo ngakhale a Mvukuto sindiwalola kukagwira. Ndaikamonso kagalasi ka pa diso ndi kotsegulira timabawuti. Chivindikiro ndachimasula kale. Kalilime kake ndakaika kadontho ka inki kuti musasokoneze, ngakhale ndikudziwa kuti mumakadziwa kuposa ine. Muzipala kamodzi, mopepuka, n'kutseka, n'kuyesa. Amayi akhale pafupi.

Munayamba ndinu ntchitoyi, atate. Malizani.

A Mvukuto akupereka moni kwa mnzawo. Akuti anthu awiri okha ndi amene anawaphunzitsapo kanthu chaka chino, wina ndi dokotala wa mano, wina ndi inu.

Mwana wanu

30 Juni

Iwe Wa Mawotchi,

Ndine bambo ako. Kalata ndinalandira, katundu yense anafika. Zolemba sindinazolowere, ndiye usayembekezere zambiri.

Kagalasi kako ndi kabwino. Nditakavala ndinaona zipsera zanga za kale, ndipo ndivomereze, ntchito yake inali ya chitsiru ndithu. Ndinakanda ngati nkhuku. Pambali pake panali popala pako, posalala ngati msoko wa makina. Ndinakhala nthawi ndikuyang'ana ziwirizo.

Tinachita Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku awiri. Mayi ako anakhala pampando atandifulatira, akuti nkhope yanga ingawasokoneze. Mlongo wako tinamuthamangitsa chifukwa ankapumira m'khosi mwanga. Ndinapala kamodzi, ndinatseka, ndinaimba. Mayi ako anati, "Ayi." Ndinapala kachiwiri. Anati, "Bondo limodzi." Apa ndinaika katupa pansi, chifukwa ndinkaona kuti kalilime katsala mzimu wokha. Ndinati tisiyire pomwepa, bondo limodzi ndi ulemu wokwanira. Mayi ako anati, "Zaka makumi anayi zapitazo simunaope, lero mukuopa chiyani?" Ndinangokhudza, sindinganene kuti ndinapala. Ndinaimba. Ndinaona mapewa okha akugwedezeka. Kenako anati, "Ndi ameneyo. Wabwera."

Za ukwati mlongo wako akulembera yekha, akuti masamba khumi. Ine ndinena zanga zokha. Ndinaimba nyimbo yonse, kawiri, osatsokomola. Zaka zisanu ndi chimodzi zapita ndisanaimalize ngakhale kamodzi. Limenelo ndi phula lako, ndipo ndanena pamaso pa anthu kuti ndi phula la mwana wanga. Itafika pogwada, mkwatibwi analira mpaka kunyowetsa kolala imene ndinaisoka masiku atatu. Aphunzitsi nawonso analira, sindikudziwa chifukwa chake, nyimboyo sinali yawo. Mayi ako anavula nsapato n'kuvina, ndipo a Dalaivala anauza aliyense kuti hamonikayo anailera ndi iwo.

Uwauze a Mvukuto kuti moni ndalandira. Uwafunse ngati munthu wa zaka zanga angaphunzirebe kupinda liwu ndi pakhosi, popeza tsopano mpweya ukutsalako.

Kagalasi ndi kotsegulira ndabweza ndi kalata ino, ungazifune pantchito. Katupa ndasunga. Kali m'kabati ka makina, m'kansalu kofiira, pamodzi ndi hamonika, ndipo kabatiko tsopano ndimakhoma chifukwa m'nyumba muno munali mbava. A Dalaivala sindiwapatsa, positi sindiikhulupirira. Ogasiti akafika, abwana ako akadzuka, ubwere udzakatenge wekha. Pakhonde pali mipando iwiri.

Bambo ako,
Chitsiru Choyamba